Lole Yokana Kulira ya a Zgambo

Lole ya Bennet Zgambo inkadziwika pa Boma la Mzimba chifukwa cha makani ake a m'mawa uliwonse. Zinali zaka zija dzombe litangodutsa kumene, magalimoto akadali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo munthu wakuda wokhala ndi galimoto yakeyake anthu ankaima panjira n'kumamuloza. Bennet anaigula kwa mzungu wina wolima fodya amene ankabwerera kwawo, loleyo itaguluka kale mano. Ankaigoneka m'chisakasa cha udzu kuseri kwa nyumba, ndipo ankanyamulira katundu wa eni masitolo.

Kwa mwezi wathunthu loleyo inkavuta kulira. Kukacha Bennet ankavula jekete, kulavulira m'manja, n'kugwira handulo ya kutsogolo yopukusira injini. Apukuse, apukuse, lole n'kutsokomola kawiri ngati nkhalamba ya chifuwa, kenako zii. Thukuta likafika m'nsapato, mkazi wake Dyness, amene anthu ankamutchula kuti NyaHara, ankasiya mtondo n'kukaitana amayi anzake kuti adzakankhe lole pa mtsetse wolowera kumsika. Ikalira imalira, koma ikayenda mtunda pang'ono inkayamba kubanika, kugwedezeka, mpaka kuzima pakati pa msewu.

Pakhonde la nyumba yomweyo pankakhala mlongo wake wa Dyness, Mateyu Hara. Ntchito yake inali kuwotcherera ndowa zodontha, kukonza nyale ndi kumata machubu a njinga. Anali munthu wa mawu ochepa, wochita zinthu ngati dzuwa sililowa. Ndowa imodzi ankatha kuidzaza madzi n'kuiyang'ana theka la ola asanaigwire, kufuna kuona pamene dontho likutulukira.

Tsiku lina Mateyu anaika pansi nyundo yake n'kunena kuti, "Alamu, ine ndikamamva mmene ikutsokomolera, zikukhala ngati ili ndi ludzu. Bwanji tione njira ya petulo?"

Bennet anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Alamu, ine ndakhala zaka zisanu ndi zinayi m'galaja ku Bulawayo. Vuto la lole iyi ndi moto, mapulagi atopa. Inu samalani ndowa zanu, injini si chidebe."

Zaka zisanu ndi zinayi zija zinali zoona. Chimene Bennet sankanena n'chakuti zambiri mwa izo anazithera kutsuka magalimoto ndi kupatsira masipanala amakanika. Kuyendetsa ankakudziwa bwino, mayina a zitsulo ankawadziwa onse, koma matenda a injini ankawadziwa amodzi okha, ndipo galimoto iliyonse yodwala ankaipatsa mankhwala omwewo. Mateyu anatola nyundo yake n'kupitiriza kugogoda.

Kumapeto kwa Novembala kunabwera mphunzitsi wa ku Engutwini, Wilson Chipeta, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anakhala pampando, kumwa madzi, n'kufotokoza chimene anadzera. Kwawo dzombe linaseseratu minda, ndipo njala inakakamiza anthu kudya ngakhale chimanga chosungira mbewu. Akhristu anzawo a kumalire a Kasungu, amene minda yawo inapulumuka, anali atasonkha matumba khumi ndi awiri a mbewu. Amuna oti n'kusenza mtunda wonsewo panalibe: ena anali ku Halale ndi ku Joni, otsalawo miyendo inali ngati mapesi.

"Mpingo wapeza zitini ziwiri za petulo," anatero Wilson. "Koma a Zgambo, mvula yayandikira. Mtsinje wa kwathu uja ulibe mlatho. Ukadzaza lole siingaoloke mpaka Epulo, ndipo mbewu ikafika mochedwa mbwenu njala yagona chaka china."

"Mawa lomwe mbewu yanu igona ku Engutwini," anayankha Bennet, akudziguguda pachifuwa.

Mlendo atapita kukasamba, Dyness anagwada pafupi ndi mwamuna wake. "A Zgambo, ulendowu si wa sopo ndi mchere wa kusitolo. Lolani achimwene aione lole lero, dzuwa likadalipo."

"NyaHara, nkhaniyi ndinaitseka kale."

"Ndiye atsagane nanu, akathandize kukweza matumba."

Bennet anaganiza pang'ono. Msana wina unali wofunikadi. "Apite. Koma boneti asaikhudze."

Ananyamuka m'mamawa, amayi atakankha monga mwa masiku onse. Wilson anakhala kutsogolo ndi Bennet, Mateyu anakhala kumbuyo ndi kathumba kake ka zida ndi pampu ya njinga, zimene sankasiyana nazo. Asanafike kumalire lole inazima kanayi. Ulendo uliwonse Bennet ankatsika, kumasula mapulagi onse anayi, kuwapala ndi mpeni, kuwauzira, kuwabwezera, ndipo akapukusa handulo injini inkalira. Akatero ankatembenukira kumbuyo n'kunena kuti, "Mwaona, alamu? Moto!" Mateyu ankangogwedeza mutu. Iye anali ataona china: pamene Bennet anafulumira kupala mapulagi lole inakana, koma pamene anachedwa chifukwa chocheza ndi anthu odutsa inalira msanga. Zinkaoneka ngati chimene chinkaichiritsa sichinali mpeni, koma kupuma.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Anthu a kumeneko anakweza matumba akuimba nyimbo ya kutchalitchi, napereka mphasa zofunditsira. Amuna atatu a ku Engutwini amene ankalondera mbewuzo anakwera pamwamba pa katundu. Bennet anathira chitini chonse cha petulo m'thanki, imene inali kutsogolo kwa galasi, mpaka kusefukira, n'kumanga chitsekerero zolimba. Lole inalira bwino ndipo anauyamba wobwerera.

Sanapite patali. Inazima koyamba mudzi ukuonekabe, kachiwiri pa dambo, kachitatu pa chitunda. Ulendo umene ukanatha maola awiri unadya masana onse. Pomaliza inazima m'nkhalango ya miombo, patatsala mtunda wa mamailosi atatu kuti afike pa mtsinje uja, ndipo apa inakaniratu. Bennet anapala mapulagi mpaka anawala ngati ndalama zatsopano. Anapukusa handulo mpaka matuza anaphulika m'manja. Kum'mawa, pamwamba pa mapiri a ku Luwawa, mitambo inali itaunjikana yakuda bii, ndipo mphepo inayamba kununkha dothi lonyowa.

Ukali utamukwera, Bennet anagwira handulo ndi dzanja lonse n'kuikankha ndi mphamvu zake zonse. Injini inabweza. Handulo inamumenya pamkono ngati bulu woponda, ndipo anagwa chagada m'fumbi. Podzuka, dzanja lamanja linali litayamba kale kutupa. Anayesa kugwira sipanala, sipanala inagwa.

Mmodzi wa amuna aja ananong'ona kuti mwina pali munthu wa mtima woipa amene wamanga ulendowu. Wina anati atsitse matumba ayambe kusenza, koma aliyense ankadziwa kuti anthu asanu ofooka sangathe matumba khumi ndi awiri mvula isanagwe.

Wilson anavula chipewa n'kuima patsogolo pa Bennet. "A Zgambo, ndapota. Mbewu iyi si yanu, si yanga. Kuli amayi akonza mizere kale, akungoyang'ana kumsewu. Inu mwayesa, tonse taona. Aloleni a Hara ayeseko."

Bennet anayang'ana dzanja lake, anayang'ana mitambo. Kenako anakankha sipanala ija ndi phazi kulozetsa kwa mlamu wake.

Mateyu sanaitole. Anakhala pansi pafupi ndi Bennet ngati munthu wodzacheza. "Alamu, ine injini sindiidziwa, mukuidziwa ndinu. Ndiphunzitseni. Munthu amadziwa bwanji kuti moto ulipo?"

Funsolo linamumasula Bennet pang'ono. Anawauza kuti amasule pulagi imodzi, aigoneke pa chitsulo cha injini waya wake ali pomwepo, wina apukuse. Anamuonetsa Wilson kagwiridwe koyenera ka handulo, chala chachikulu chisakulunge chitsulo, ndi kukokera m'mwamba osati kukankhira pansi. Wilson anakoka. Pansonga ya pulagi panathetheka kamoto kobiriwira, thethe! Anayesa yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Zonse zinathetheka.

"Moto ulipo," anatero Mateyu. Ananunkhiza pulagi ija n'kuipereka kwa Bennet. "Mwapukusa nthawi yonseyi, koma yauma gwa, fungo la petulo palibe. Machesi tili nawo, alamu. Nkhuni ndiye sizikufika pamoto. Tandiuzani, petulo akachoka m'thanki amadzera kuti?"

Bennet analoza ndi dzanja lamanzere. Petulo ankatsika yekha kuchokera m'thanki, kulowa m'kambale kachitsulo kosefera zinyalala, kudutsa m'kapaipi ka mkuwa, mpaka kukafika mu kabuleta, mmene amasakanikirana ndi mpweya asanalowe mu injini.

"Ndiye ndi ngalande ya kudimba basi," anatero Mateyu. "Madzi akapanda kufika pa bedi, umayambira pa bedi pomwepo n'kumakwera nayo ngalande mpaka kuchitsime."

Anatenga kapu yake ya chitini n'kuitchera pansi pa kabuleta, n'kumasula kaboliti ka kunsi. Panatuluka timadontho tochepa, kenako basi. Anapendeketsa kapu kuti onse aone. Pansi pa petuloyo panali timikanda ta madzi tikugubuduzika, ndi fumbi lofiira la dzimbiri. Anakwera nayo ngalande. Anamasula kambale kosefera kaja, ndipo munali matope okhaokha, sefa yake itamatika ngati chisa cha chiswe. Anaitsuka ndi petulo woyera, kuipukuta ndi nsonga ya malaya ake. Anamasula kapaipi ka mkuwa, kulumikiza pampu ya njinga, kupopa katatu, ndipo kumapeto kwake kunalavuka chimphumphu cha dzimbiri chonga njere ya mapira.

Atabwezera zonse, anasiya kapaipi kosalumikiza ku kabuleta, n'kutchera chitini chopanda kanthu. Petulo anatuluka mwamphamvu, woyera mbee. Amuna aja anaomba m'manja.

"Zatheka! Mangani tizipita!" anafuula Wilson. Bingu linagunda, ndipo dontho loyamba linagwera pa boneti.

Mateyu sanasunthe. Anangonjuta pamenepo, maso ali pa kamtsinje ka petulo kothira m'chitini.

"A Hara, mvula iyo!"

"Ndaiona."

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Matope aja akufotokoza chifukwa chake imavuta kulira m'mawa. Koma sakufotokoza chifukwa chake imayenda kaye, n'kuzima, n'kudzalira ikapuma. Tikamanga tsopano, idzatizimira pakati pa mtsinje."

Mmodzi wa amuna aja anatukwana chapansipansi n'kukayamba kufunditsa matumba ndi mphasa. Wilson ankayenda uku ndi uku, milomo ikupemphera. Bennet, amene poyamba akanakhala woyamba kukalipa, anadzikoka n'kukanjuta pafupi ndi mlamu wake. Anayang'ana limodzi. Kwa nthawi yaitali sipanasinthe kanthu. Kenako kamtsinje kaja kanayamba kuonda. Kanafika ngati ulusi. Kanasanduka madontho. Kanaleka.

"Petulo watha?" anafunsa Wilson.

"Sangathe, ndadzaza ndekha," anayankha Bennet.

Mateyu anaimirira kuti asuzumire m'thanki. Atangopotokola chitsekerero, panamveka kaphokoso ngati munthu wotuluka m'madzi akukoka mpweya, fyuu! Nthawi yomweyo petulo anayambanso kuthira m'chitini mwamphamvu kuposa poyamba. Mateyu anamanganso chitsekerero n'kudikira. Patapita nthawi petulo anaondanso. Anamasula, petulo anabwerera.

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, Mateyu anamwetulira. "Alamu, chitini cha palafini mukachiboola malo amodzi, palafini amatuluka bwanji?"

"Amachita kudodoma. Mpaka uboole kabowo kena kolowera mpweya." Bennet anaima pakamwa pali yasa. "Thanki ikulephera kupuma!"

"Ndipo ikadzaza kwambiri ndi pamene imabanika msanga. N'chifukwa chake pobwerera pano yativuta kuposa popita."

Mateyu anatembenuza chitsekerero chija m'manja, kuchiyang'ana kunsi ndi pamwamba. Kunsi kunali kabowo kochepa ngati diso la singano. Pamwamba panali posalala, utoto wobiriwira uli waliwali. Anapala ndi chikhadabo pakatikati, ndipo pansi pa utotowo panaoneka kadzenje.

"Lole iyi inayamba liti kuvuta chonchi?"

Bennet anawerenga masabata m'mutu, kenako anagwetsa nkhope. "Nditangoipaka utoto. Ndinapaka kawiri, kuti iwale pofika pa Boma." Anapukusa mutu, n'kuyamba kuseka kuseka kwa munthu amene wadzigwira yekha wakuba. "Mwezi wathunthu ndakhala ndikupala mapulagi osalakwa, chikhalirecho ndinaitseka mphuno ndine!"

Mateyu anathyola munga wa mthethe m'mbali mwa msewu n'kuboola kabowoko mpaka kuwala kunaonekera. Anauzira, mpweya unadutsa. Anasefa petulo wa m'chitini uja pa chipewa cha Wilson n'kumubwezera m'thanki, analumikiza kapaipi, namanga zonse bwinobwino, boliti iliyonse kuiyesa kawiri. Bennet anakwera pa chiwongolero. Wilson analavulira m'manja n'kukoka handulo. Koyamba injini inatsokomola. Kachiwiri inabangula, nkhalango yonse n'kuyankha, mbalame n'kubalalika m'mitengo.

Amuna aja analumpha ngati ana. "Yewo chomene, a Hara! Yewo!" Wina anamunyamula Mateyu m'mwamba mpaka pampu yake inagwa.

"Alamu, bwerani kutsogolo kuno," anaitana Bennet. "Dzanja limodzi silingagwire chiwongolero ndi giya. Ine ndiziponda ndi kuwongolera, inu muzikankha chitsulo ichi ndikakuuzani."

Anayenda choncho, anthu awiri kuyendetsa lole imodzi, mvula ikuwathamangitsa kumbuyo. Lole ija imene inkabanika pa kachitunda kalikonse tsopano inkakwera ngati yabwerera ku unyamata. Pofika pamtsinje madzi anali atayamba kufiira, akufika m'akakolo, zinyalala za kumtunda zikuyandama. Bennet anaima kamphindi n'kuyang'ana tsidya.

"Giya yoyamba, alamu. Gwirani zolimba, isatuluke."

Lole inalowa. Madzi anamwazika mbali zonse, matayala anaterereka pa mchenga, n'kugwira mwala, n'kutererekanso. Injini inalira mofanana, osadodoma ngakhale kamodzi. Anakwera gombe la tsidya matope akuuluka, ndipo amuna a pamwamba pa matumba anayamba nyimbo imene Wilson anailandira ndi mawu onse. Asanathe ndime yachiwiri, anamva mkokomo kumbuyo. Atacheuka anaona madzi a kumapiri akutsika ndi zitsa ndi nthambi, ndipo pamene anaolokera paja panasanduka nyanja yofiira.

Anafika ku Engutwini dzuwa lisanalowe, mvula ikugwa ya mpepera. Amayi anatuluka m'nyumba akululutira, ena akuvina m'matope, ana ali kumsana. Matumba anawathamangitsira m'tchalitchi, ndipo atamasula anapeza kuti mphasa zinagwira ntchito: mbewu inali youma. Mayi wina wokalamba anatapa chimanga m'manja n'kuchiyang'ana misozi ikutsika.

Anthu anamuzungulira Bennet, kumutamanda kuti ndi mwamuna, dalaivala woposa azungu. Iye anakweza dzanja lake lotupa lija kuti akhale chete.

"Yayi, abale anga, musalakwitse. Ine ndikanakhala ndekha, mbewu iyi ikanamerera m'matumba m'nkhalango. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi za ku Bulawayo, koma ndinalibe mphindi khumi zokhala pansi n'kuyang'ana. Munthu wake ndi uyu, mlamu wanga, amene ndinamuletsa kukhudza boneti."

Anamukokera Mateyu pakati pa bwalo. Mateyu, wosazolowera maso a anthu, anangoyang'ana pansi akukanda m'mutu, nthungululu zikumugwera ngati mvula yachiwiri.

M'mawa mwake mudzi wonse unali m'minda, makasu akugwa pa dothi lofewa. Bennet ndi Mateyu anabwerera ku Boma podzera njira yozungulira ya kumtunda, imene lole yonyamula katundu sikanatha kuikwera, ndipo lole sinazime ngakhale kamodzi. Dyness atamva kulira kwake anatuluka, n'kuona mlongo wake atakhala kutsogolo, dzanja lili pa giya. Anangomanga chitenje bwino n'kululutira, anansi onse n'kutuluka.

Chaka chimenecho Engutwini anakolola. Ndipo kuchokera pamenepo, galimoto ikavuta kulira pa Mzimba, kaya ya mmishonale, kaya ya wamalonda wodutsa, anthu ankaikankhira kunyumba kwa Zgambo. Kumeneko mwini galimoto ankapeza amuna awiri, wina wodziwa dzina la chitsulo chilichonse, wina wodziwa kudikira. Akafuna kuwafulumizitsa kuti angosintha mapulagi azipita, Bennet ndi amene ankamupatsa mpando n'kumuuza kuti akhale kaye pansi, aone ngati moto ulipo, aone ngati petulo akufika, aone ngati thanki ikupuma.

Vuto limene linazunza lole mwezi wathunthu, n'kutsala pang'ono kugonetsa mudzi ndi njala chaka chachiwiri, linali laling'ono ngati diso la singano. Wamphamvu analidumpha tsiku ndi tsiku, wofatsa analipeza bingu likugunda pamutu pake. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.